Ndalama zoyamba mu network marketing: zimachokera m'thumba la yani?

Uthenga umafika pa WhatsApp kuchokera kwa mnzanu wa kusukulu, kwa mlamu wanu kapena kwa mayi amene mumapemphera nawo: pali mwayi wa bizinesi, bwerani Loweruka mudzamve nokha. Kumsonkhanoko pamakhala tebulo lodzaza mabotolo, khofi, sopo ndi zodzoladzola, pakhoma zithunzi za galimoto, ndipo wolankhula amajambula timabwalo pa bolodi kusonyeza mmene anthu awiri amasandukira anayi, anayi n'kukhala asanu ndi atatu. Aliyense amatuluka ndi funso limodzi: ndikalowa, ndalama ndiyamba kuziona liti? Mayankho ali m'munsimu atsamira pa mfundo imodzi. Ndalama yoyamba imakhala phindu lenileni pokhapokha ngati yachokera kwa kasitomala amene wagula katundu chifukwa akumufuna, ndiponso ngati yatsala mutachotsa zonse zimene mwawononga kuti muipeze.

Kodi network marketing ndi bizinesi yotani, ndipo ndalama zake zimayenda bwanji?

Ndi njira yogulitsira katundu popanda sitolo. Kampani imapanga kapena kuitanitsa katundu, koma m'malo momuika m'magolosale imamugulitsa kwa anthu amene alembetsa umembala, ndipo iwowo ndi amene amakasaka makasitomala. Membala si wantchito wa kampaniyo: alibe malipiro a pamwezi, alibe penshoni, ndipo thiransipoti, mayunitsi ndi katundu wotsalira zonse zili pamutu pake. Kugulitsa khomo ndi khomo n'kwakale, pakuti kampani imene lero timaidziwa kuti Avon inayamba mu 1886 ku America. Chatsopano chinabwera m'zaka za m'ma 1940 ndi katundu wa Nutrilite, kenako n'kukulitsidwa ndi Amway imene Jay Van Andel ndi Richard DeVos anakhazikitsa mu 1959. Chatsopanocho chinali chakuti wogulitsa azilandiranso kenakake pa katundu amene agula anthu omwe iye wawalowetsa, ndi amene anthuwo alowetsanso, kutsika m'munsi. Wokulowetsani amatchedwa upline, amene ali pansi panu ndi downline. Makampani ngati Forever Living ya ku America, Tiens ndi Longrich za ku China, ndi AIM Global ya ku Philippines, amene mayina awo amamveka m'mayiko ambiri a mu Africa, amayendera dongosolo la mtundu umenewu, ngakhale iliyonse ili ndi mawerengedwe akeake.

Motero membala ali ndi njira ziwiri zopezera ndalama. Yoyamba ndi phindu la pamwamba: kuoda pa mtengo wa mamembala n'kugulitsa pa mtengo wokwererapo. Yachiwiri ndi mabonasi ochokera ku zimene downline yagula. Chofunika kuchigwiritsa n'chakuti njira zonse ziwirizi zimatunga pa chitsime chimodzi. Kampani siumba ndalama. Bonasi iliyonse ndi gawo la ndalama imene munthu wina watulutsa pogula katundu kapena polembetsa. Funso lofunika pa kampani iliyonse ndi lakuti munthu winayo ndani. Ngati ndi kasitomala wakunja amene wakhutira ndi sopoyo ndipo adzabweranso, pali malonda. Ngati ndi membala amene akugula pofuna kukwanitsa mapointi a mweziwo kuti asatsike paudindo, ndiye kuti ndalama zikungochoka kwa mamembala a pansi kupita kwa a pamwamba, katundu akungoperekeza.

Munthu wongoyamba kumene angayembekezere kupeza zingati m'miyezi yoyambirira?

Umboni wodalirika umachokera ku America, kumene bizinesiyi inabadwira ndiponso kumene boma lakhala likutsegula mabuku a makampaniwa. Mu September 2024 akatswiri a Federal Trade Commission, bungwe la boma loteteza ogula m'dzikolo, anatulutsa lipoti atawerenga zikalata za makampani 70 zofotokoza zimene mamembala awo amalandira. Anapeza kuti ochuluka kwambiri amalandira madola 1,000 kapena kucheperapo pa chaka chonse, kutanthauza ndalama zosafika madola 84 pamwezi, ndipo ambiri salandira kalikonse. Anapezanso kuti zikalata zambiri sizichotsera zimene membala wawononga, ndipo zina zimasiya kunja anthu amene sanalandire kanthu, motero chithunzi chimaoneka bwino kuposa mmene zilili. Pa mlandu wa kampani ya AdvoCare mu 2019, bungwe lomweli linasonyeza kuti m'chaka cha 2016 mamembala 72 pa 100 alionse sanalandire ngakhale senti imodzi kuchokera ku kampaniyo, ndipo ena 18 pa 100 analandira madola osapitirira 250 chaka chonse. Kafukufuku wa AARP Foundation wa 2018 anafunsa anthu amene anachitapo bizinesiyi: 47 pa 100 alionse anati analuza ndalama, 27 pa 100 sanapindule ndiponso sanaluze, ndipo pafupifupi mmodzi yekha mwa anayi ndi amene anaona phindu.

Ziwerengero zimenezi zikuphatikiza anthu amene akhalamo zaka. Wongoyamba kumene ali pamalo ovutirapo, chifukwa walipira ndalama yolowera, alibe makasitomala okhazikika, alibe downline, ndipo ali pa mlingo wotsikitsitsa wa mabonasi. Yankho loona ndi lakuti m'miyezi yoyambirira ambiri amatulutsa zochuluka kuposa zimene amalowetsa. Amene amaona kaphindu msanga kawirikawiri ndi anthu amene anali kale ndi makasitomala: mwini saluni wogulitsa mafuta a tsitsi kwa amayi amene amabwera kudzamanga, kapena mwini shopu pamalo podutsa anthu. Iwowa akungowonjezera katundu pa malonda amene analipo kale, ndipo chitsanzo chawo sichilonjeza kanthu kwa mnyamata amene wangomaliza sukulu ndipo chuma chake chonse ndi foni.

Nanga bwanji ena amaonetsa ndalama zimene alandira m'sabata yoyamba yomwe?

Ndalamazo zimakhala zenizeni nthawi zambiri, koma chithunzi cha uthenga wa Airtel Money kapena TNM Mpamba chimangosonyeza zolowa, sichisonyeza zotuluka. Tiyerekeze ndi masamu osavuta. Munthu walowa ndi phukusi la K300,000 lokhala ndi mabotolo 10, botolo lililonse K30,000, ndipo amuuza kuti azigulitsa K40,000. Pa bolodi phindu lake ndi K100,000. Koma amulangizanso kuti ayambe wagwiritsa ntchito yekha katunduyo kuti azichitira umboni, ndiye botolo limodzi lapita. Lina lathera kulawitsa anthu. Atsala 8. Awiri atengedwa pa ngongole ndi achibale amene sangawakanize, ndipo 6 agulidwa kashi, K240,000. Mwezi womwewo wawononga K50,000 pa minibasi, bandulo ya intaneti ndi tikiti ya maphunziro a Loweruka. Watulutsa K350,000, walowetsa K240,000. Angongole aja ngakhale atabweza onse, afika pa K320,000, akadali m'dzenje la K30,000, ndipo mwezi wamawa akuyenera kuodanso kuti akhalebe membala wolandira mabonasi. Komatu munthu ameneyu akhoza kuika pa Facebook kuti wapanga K240,000 m'mwezi woyamba, ndipo sananame pa chiwerengerocho.

Palinso bonasi imene makampani ambiri amapereka msangamsanga mukalowetsa munthu watsopano. Imeneyi ndi imene imasangalatsa kwambiri wongoyamba, chifukwa imabwera mwachangu kuposa phindu la kugulitsa botolo limodzilimodzi. Koma tiione pafupi. Tinene kuti mwalowetsa mlamu wanu, iye walipira K300,000, inu mwalandira K40,000. Pa buku lanu mwapindula. Pa buku la banja, K300,000 yatuluka, K40,000 yabwerera, ndipo mlamu wanu watsala ndi mabotolo amene ayenera kugulitsa kwa abale omwewo amene inu munawagulitsa kale. Ndalama yoyamba ya mtundu umenewu si chipatso cha msika; ndi gawo la mpamba wa munthu amene anakukhulupirirani. Ikhala yoyera pokhapokha ngati iyenso adzagulitsadi katunduyo kwa anthu akunja n'kubweza mpamba wake.

Akuti ndalama zenizeni zili pa kumanga timu, osati pa kugulitsa. Kodi si zoona?

Ndi zoona kuti amene amalandira zambiri m'makampaniwa amalandira kudzera mu downline yaikulu, ndipo mawu amenewa ndi amene ayenera kukudzidzimutsani, chifukwa akuvomereza kuti kugulitsa kokha sikulipira mokwanira. Vuto la kumanga timu ndi la masamu, si la khama. Tinene kuti aliyense alowetse anthu 5, monga amanenera m'misonkhano yambiri. Mzere woyamba ndi anthu 5, wachiwiri 25, wachitatu 125, wachisanu 3,125. Pofika mzere wa 10 pafunika anthu 9,765,625, ndipo mzere wa 11 wokha ufuna anthu oposa 48 miliyoni, pamene kalembera wa 2018 anapeza kuti Malawi yense, kuphatikizapo makanda, anali ndi anthu pafupifupi 17.5 miliyoni. Mzere wa 15 uposa anthu onse a pa dziko lapansi. Chofunika kwambiri n'chakuti pa dongosolo loterolo, kulikonse kumene mungaimire, pafupifupi anthu 4 mwa 5 alionse amakhala mu mzere wotsiriza, opanda aliyense pansi pawo. Gulu likule bwanji, gawo la opanda downline silichepa. Lonjezo lakuti aliyense akhoza kufika pamwamba silingakwaniritsidwe kwa onse nthawi imodzi, chifukwa pamwamba pamakhalapo chifukwa cha kuchuluka kwa apansi.

Wina anena kuti palibe kampani imene inamalizapo anthu a m'dziko, ndipo akunena zoona. Chifukwa chake n'chakuti anthu ambiri amasiya, ndipo atsopano amalowa m'malo mwawo. Gulu limaoneka lamoyo chifukwa khomo lolowera ndi lotulukira onse ndi otsegula, ndipo aliyense wotuluka amasiya ndalama yake yolowera m'mbuyo. Taonaninso chimene kulowetsa anthu kumachita ku msika wanu. Mayi wogulitsa tomato mumsika wa Limbe sayenda m'makomo kukopa makasitomala ake kuti nawonso ayale tomato pafupi naye, chifukwa akudziwa kuti ogula ndi omwewo ndipo phindu ligawika. Mu network marketing mumalimbikitsidwa kuchita zimenezo: kasitomala wanu wabwino mukamulowetsa, amayamba kugula pa mtengo wa mamembala, phindu lanu la pamwamba limatha, ndipo mwadzipangira wopikisana naye pa mpingo womwewo ndi m'dera lomwelo.

Koma amene amalephera si aulesi? Ndipo mabizinesi ena onse sagwanso?

Mfundo imeneyi ili ndi mbali yoona ndipo tisaithawe. Kugulitsa ndi luso, kumafuna kupirira pokanidwa, ndipo alipo amene amalowa n'kukhala pansi kudikira. Alipo amene amalembetsa pongofuna kugula katundu motsika mtengo, osafuna bizinesi, ndipo makampani amanena zimenezi pofotokoza chifukwa chake ambiri salandira kanthu. Aliponso anthu amene aphunziramo kulankhula pagulu, kusunga nthawi ndi kutsatira kasitomala, zinthu zimene zawathandiza kwina. Koma ulesi sungafotokoze chifukwa chake zotsatira zimafanana kampani ndi kampani, chaka ndi chaka, pa katundu wosiyanasiyana. Anthu 7 mwa 10 akamatuluka chimanjamanja, ndipo masamu a dongosololo akusonyeza kale kuti ochuluka ayenera kukhala pansi, kuloza chala wolephera ndi kuphimba vuto la kapangidwe ka bizinesiyo. Mawu akuti "sunalimbikire" ali ndi ntchito yake: amachititsa woluza kudziimba mlandu yekha, n'kuchoka mwakachetechete osachenjeza ena.

Za kugwa kwa mabizinesi ena, n'zoona kuti okala, salaula wa kaunjika ndi geni ya mandasi zimagwanso. Kusiyana kwake kuli pawiri. Choyamba, mwini okala amasankha yekha katundu, kopikula ndi mtengo; sopo wina akapanda kuyenda amasintha, ndipo akatseka amagulitsa firiji ndi mashelefu n'kupezako kena. Membala wa network marketing ali ndi kopikula kumodzi, mtengo woikidwa ndi ena, ndi malamulo amene kampani ikhoza kusintha osamufunsa. Chachiwiri, ndiponso chachikulu, wokulangizani amapindula mukagula, osati mukagulitsa. Upline wanu amalandira mapointi tsiku limene mwaoda, kaya mabotolowo apita kwa makasitomala kaya aunjikana pansi pa bedi. Iye akhoza kukhala munthu wabwino wokufunirani zabwino, ndipo nthawi zambiri nayenso anauzidwa zomwezo n'kuzikhulupirira, koma malangizo ake akuti "oda phukusi lalikulu" kapena "usasiye, watsala pang'ono" muziwamva mukudziwa kumene phindu lake lagona.

Ndiye kodi network marketing ndi piramidi? Malamulo amati chiyani?

Si kampani iliyonse imene ndi piramidi, koma kukhala ndi katundu sikuyeretsa kampani. Piramidi yoonekeratu ndi ngati MMM ya Sergei Mavrodi, imene inkalonjeza chiwongoladzanja cha 30 pa 100 pamwezi popanda malonda alionse, ndipo inasiya anthu ambiri akulira ku South Africa ndi ku Zimbabwe mu 2016. Yovuta kuizindikira ndi imene ili ndi mabotolo patebulo. Ku America muyezo unakhazikika pa mlandu wa kampani ya Koscot mu 1975: ngati munthu alipira kuti alowe ndipo mphoto zake zikuchokera pa kulowetsa ena, mosalumikizana ndi kugulitsa katundu kwa omugwiritsa ntchito enieni, imeneyo ndi piramidi. Mu 1979 Amway inapulumuka mlandu wofananawo chifukwa inasonyeza malamulo atatu: wogulitsa azikhala ndi makasitomala 10 osiyana pamwezi, azigulitsa 70 pa 100 ya katundu amene waoda, ndipo katundu wotsala azitha kubwezedwa. Mu 2016 kampani ya Herbalife inavomera kulipira madola 200 miliyoni ndi kusintha kalipiridwe kake kuti mphoto zizidalira malonda otsimikizika kwa makasitomala. Ndalamazo zinagawidwa kwa anthu pafupifupi 350,000. AdvoCare inalipira madola 150 miliyoni mu 2019 ndipo inaletsedwa kuchitanso bizinesi ya mtundu umenewu. China inaletsa malonda onse otere mu 1998, ndipo pamene inawalolanso mu 2005 inakanabe kulipira anthu motsatira mizere ya downline.

Milandu yonseyi ikufunsa funso lomwe lija: ndalama ikuchokera kwa kasitomala kapena kwa wolowa kumene? Kuno kwathu, lamulo la Competition and Fair Trading Act la 1998 linaika malonda a piramidi pakati pa zinthu zoletsedwa, bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, ndipo Reserve Bank of Malawi yakhala ikuchenjeza anthu za mapiramidi. Ku South Africa, kumene kuli abale athu ambiri, gawo 43 la Consumer Protection Act ya 2008 limaletsanso zomwezo. Koma musapusitsidwe ndi satifiketi yopachikidwa pakhoma la ofesi. Kulembetsa kampani kuboma kumangosonyeza kuti kampaniyo ilipo. Sikutanthauza kuti boma launika kalipiridwe kake, ndipo sikulonjeza kuti inu mupindula. Kampani ikhoza kukhala yovomerezeka kotheratu inu n'kuluzabe mpamba wanu wonse.

Zimenezi n'za ku America. Kodi kuno sizingayende mosiyana?

Zikhoza kusiyana, koma zifukwa zambiri zikuloza ku kuvutirapo. Katundu wa makampani ambiriwa amachokera kunja ndipo mtengo wake umatsatira dola. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022, kenako ndi 44 pa 100 mu November 2023, chilichonse choitanitsa kunja chinakwera, pamene malipiro a makasitomala sanakwere mofanana. Mtengo wa katunduyu umakhalanso utasenza kale mabonasi a mizere yonse ya pamwamba, n'chifukwa chake sopo kapena mankhwala otsukira mano a network marketing amadula kuposa a mu golosale. Banja limene likuwerengera ufa, sukulu fizi ndi feteleza likhoza kugula kamodzi pokuchitirani ulemu, koma bizinesi imakhazikika ndi kasitomala wobwereza, osati wachifundo. Onjezerani chizolowezi chathu chotenga katundu n'kudzalipira pakutha pa mwezi, chimene chimamanga mpamba wa wogulitsa pamene kampani imafuna kashi. Choopsa koposa ndi kumene mpamba umachokera. Amene watapa ku banki mkhonde kapena kwa katapila amayamba kubweza chiwongoladzanja botolo loyamba lisanagulidwe, ndipo phindu laling'ono limene akanapeza limamezedwa lisanafike m'manja.

Pali ngozi ina imene imabadwa ndi kudula kwa katunduyu. Munthu akalephera kufotokoza chifukwa chake khofi wake ndi wokwera mtengo chonchi, amayamba kumupatsa mphamvu zimene alibe: amachiza shuga, amatsitsa BP, amathetsa kusabereka. Vutoli si la kuno kokha, pakuti mu April 2020 Federal Trade Commission inalembera makalata a chenjezo makampani 10 otere chifukwa cha zimene zinkanenedwa zokhudza COVID-19 ndiponso za ndalama zimene anthu angapeze. Zakudya zowonjezera m'thupi si mankhwala a kuchipatala, ndipo mankhwala ku Malawi amayang'aniridwa ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Wodwala akasiya ma ARV kapena mankhwala a shuga chifukwa cha mawu a wogulitsa, chimene chatayika sichibwezedwa ndi bonasi iliyonse. Ngati katundu sangagulike popanda kumunenera zimene simungatsimikize, katunduyo alibe msika.

Ndamva zonsezi koma ndikufunabe kuyesa. Ndiyambe bwanji?

Yambani ndi mafunso musanatulutse tambala, pakuti safunsa anadya phula. Dzifunseni nokha ngati mukanagula katunduyu pa mtengo wake wogulitsira kukanakhala kuti palibe mwayi wa bizinesi, ndipo yerekezani mtengowo ndi wa katundu wofanana naye m'sitolo. Funsani wokuitananiyo kuti mwezi wathawu anagulitsa zingati kwa anthu amene si mamembala, ndiponso kuti anatsala ndi zingati atachotsa zonse. Ngati ayankha ndi nkhani ya bwana wina amene anapatsidwa galimoto, ndiye kuti sanayankhe. Pemphani chikalata cha kampani chosonyeza zimene mamembala amalandira, ndipo muyang'ane mzere wa pansi, kumene mudzayambire, osati wa pamwamba. Funsani ngati pali mapointi okakamiza mwezi ndi mwezi ndi chimene chimachitika mukalephera. Funsani za kubweza katundu: makampani a mu Direct Selling Association ya ku America amalonjeza kugulanso katundu wosagulitsidwa pa 90 pa 100 ya mtengo wake m'kati mwa miyezi 12, ndiye mufunse ngati lonjezo lotere likugwira ntchito kuno, lolembedwa, ndiponso kuti katunduyo mukamubweza pa ofesi iti. Aliyense wokuuzani kuti mulipire lero chifukwa malo atha mawa akufuna kuti musaganize.

Mukakhutira, lowani ngati wamalonda. Pezani makasitomala musanaode: tengani kabuku ka mitengo, yendani, ndipo muone kuti ndi angati amene akuvomera kulipira mtengo wonse, makamaka anthu amene si abale anu. Tengani phukusi laling'ono koposa, ndi ndalama yanuyanu imene ikatayika ana sagona ndi njala. Musakongole, musagulitse mbewu kapena njinga, ndipo musasiye ntchito. Muziodanso pokhapokha katundu woyamba akatha. Gulani kope la masamu ndipo mulembe chilichonse, kumanzere zotuluka, kuphatikizapo kabaza, mayunitsi, matikiti a misonkhano ndi katundu amene mwagwiritsa ntchito nokha, kumanja ndalama zimene zafikadi m'manja, osati malonjezo a angongole. Lembaninso maola amene mwathera, chifukwa nthawi imeneyo mukanatha kuigwiritsa ntchito pa geni ina. Ndipo musalowetse munthu aliyense mpaka kope lanu litasonyeza phindu lochokera ku kugulitsa kokha kwa miyezi ingapo yotsatizana. Ngati inu simunakwanitse kupindula ndi katunduyu, mulibe chimene mungaphunzitse wina, ndipo kumuitana ndi kumusenzetsa dzenje lanu.

Nanga abale ndi anzanga, popeza amati ndiyambire pa iwo?

Pafupifupi maphunziro onse a wongoyamba amamuuza kulemba mndandanda wa anthu onse amene amawadziwa n'kuyamba kuwaimbira. Njirayi imagwira ntchito chifukwa abale amavutika kukana, ndipo pa chifukwa chomwecho imanamiza. Malonda a mwezi woyamba amaoneka abwino chifukwa azakhali, a kwaya ndi anzanu a kuntchito agula pokulimbikitsani. Mwezi wachitatu mndandanda watha, ndipo msika weniweni umaonekera. Kuno kwathu ubale ndi chuma chenicheni: ndi umene umakusenzani pa maliro, pa matenda ndi pamene fizi yavuta. Kuugwiritsa ntchito ngati mpamba ndi kuika pachiswe chinthu chodula kuposa phukusi lililonse. Palibe cholakwa kuuza mbale kuti mukugulitsa sopo, monga mmene mungamuuzire za nkhuku kapena zitenje. Cholakwa ndi kumuitanira ku "chakudya chamasana" chimene ndi msonkhano wokopa, kumuonetsa zolowa n'kubisa zotuluka, kapena kugwiritsa ntchito udindo wanu mumpingo kapena kuntchito kuti achite manyazi kukana. Akakana, mulandire kukanako kamodzi, ndipo musamvere aliyense wokuuzani kuti okufunsani mafunso ndi anthu a nsanje oyenera kuwataya.

Ndidzadziwa bwanji kuti nthawi yosiya yakwana?

Dziikireni malire musanalowe, mutu ukadali wozizira: ndalama zimene simudzapyola ndi tsiku limene mudzatsegule kope n'kuweruza, kaya pakatha miyezi itatu kaya isanu ndi umodzi. Tsikulo likafika, funsani zinthu zitatu. Kodi zolowa zaposa zotuluka? Kodi pali makasitomala akunja amene abweranso okha popanda kuwachonderera? Kodi katundu akutha, kapena mukugula kuti musunge udindo? Ngati mayankho ali abwino, muli ndi kabizinesi kogulitsa katundu, ndipo mukhoza kukakulitsa modekha. Ngati ali oipa, imani pomwepo, bwezani katundu amene angabwezedwe, ndipo musaponyenso ndalama zina pofuna kupulumutsa zimene zapita kale. Luso la kugulitsa limene mwaphunzira silitayika. Lidzakuthandizani pa katundu amene mudzasankhe nokha, pa mtengo umene anthu a kwanu angakwanitse. Ndipo wina akadzakufunsani mmene zinayendera, muuzeni ziwerengero zenizeni za m'kope lanu, chifukwa kusowa kwa mawu a amene anasiya ndi kumene kumachititsa kuti m'misonkhano muzimveka opambana okhaokha.

Owerenga, kufuna ndalama yapadera pa nthawi yovuta ngati ino si uchitsiru, ndipo palibe amene ayenera kunyozedwa chifukwa chofunafuna njira. Koma umboni ukusonyeza kuti ambiri olowa mu network marketing sapeza phindu, ndipo ochepa amene amalipeza moyera amalipeza pogulitsa katundu wofunika kwa makasitomala enieni. Musanalembetse, funsani kumene ndalama yanu yoyamba idzachokere. Ngati yankho lake ndi thumba la munthu amene mudzamulowetse, sungani mpamba wanu.